Maswiti a Mang'ina

Mkazi wanga. Mwana amene anali m'mimba mwake, wa miyezi isanu ndi iwiri. Kiyi wa kukhitchini, amene anapita ali womangidwa kunsonga ya chitenje chake. Mabowo awiri a lamba wanga. Kaphikidwe ka maswiti amene mwana wathu wamkazi ankawatcha tonjenjemera.

Zimenezi ndi zimene ndinataya m'mwezi wa Epulo chaka chimenecho. Loko wa kukhitchini ndinathyola n'kuika wina. Lamba ndinaboola ndi msomali. Pa zotsalazo, chimodzi chokha n'chimene munthu akanatha kuchifunafuna, ndipo n'chimene ndikulemba pano.

Maliro anachitikira kwawo ku Nathenje. Anthu anandifunsa monga amafunsira nthawi zonse, kuti kodi malemu anasiya mawu. Ndinati palibe. Zoona zake n'zakuti anayankhula m'mawa umene tinamutengera kuchipatala, koma zinali za mphika umene unali pambaula. Sindinaone kuti zimenezo ndi mawu oti n'kuuza anthu amene akhala pamkeka akulira.

Tinabwerera ku Mitundu awiri, ine ndi mwana. Anali ndi zaka zinayi. Sankalira kwambiri, ndipo anthu ankati ndi wolimba mtima. Koma anasiya kudya. Phala ankalisunga m'kamwa mpaka lizizire, kenaka n'kulavulira kuseri kwa chitseko. Mbatata ankangoinyenya. Dzira ankalinunkhiza n'kulipereka kwa mphaka. Ndinapita naye kuchipatala, anamuyeza magazi, sanapeze malungo kapena china chilichonse. Pakhadi yake ya kusikelo, mzere umene kwa zaka zinayi unkakwera unayamba kuloza pansi.

Ine ndine mlangizi wa zaulimi. Ndinaphunzira kukoleji, ndipo mbali ina ya ntchito yanga ndi kuima pamaso pa amayi n'kumawauza za magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Mkazi wanga sankanditchula dzina. Ankangoti alangizi, ndipo kamvekedwe kake n'kamene kankandiuza ngati akundilemekeza kapena akundiseka.

Kumayambiriro kwa Juni kunabwera alamu anga, akulu ake a malemu. Anatsika minibasi, n'kukhala pakhonde, n'kumuika mwana pamiyendo. Anazunguliza chala chachikulu ndi chamkombaphala pamkono wake, zala zija n'kukumana.

"Alamu, mwanayu akutha," anatero.

"Akudya pang'onopang'ono."

"Pang'onopang'ono pake pati? Inu mumatha kulangiza anthu kanenepetsedwe ka nkhumba, koma mwana wa munthu wakukanikani."

Alamu anapitiriza.

"Amalume ake anena kuti tidikire sikelo ya mwezi wamawa. Ndidzabwera ndidzaone ndi maso anga. Mzerewo ukadzatsikanso, ndidzamutenga akakhale ndi anzake ku Nathenje. Si nkhondo ayi. Mwanayu ndi mbumba yathu, mukudziwa."

Ndinkadziwa. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndipo kundisiyira anangondichitira ulemu. Ndinkadziwanso kuti alamu sanalakwitse. Chimene sindinkadziwa n'chakuti ndidzakhala bwanji m'nyumba imene ija ndekha.

Patapita masiku awiri, ndikumusambitsa, mwana ananena mawu amene sindinawamve kuyambira pamaliro.

"Ababa, ndikufuna tonjenjemera."

Anali maswiti ofewa, oti ukawagwedeza pambale amanjenjemera ngati mnofu wa patsaya la khanda. Mkazi wanga anayamba kuwapanga mwana ali ndi zaka ziwiri, ataona kuti mano ake akuyamba kuda ndi maswiti a pagolosale. Ankagwiritsa ntchito msuzi wa mang'ina, kutanthauza mapazi a ng'ombe, pamodzi ndi malambe, papaya wa pamtengo wa kuseri kwa nyumba, ndi uchi umene amuna ena amabwera nawo panjinga kuchokera cha ku Dzalanyama. Shuga sankaikamo. Ndinkadziwa kuti m'masitolo a m'tauni mumapezeka ufa wa jeletini wopangira zoterezi, ndipo ndinamuuzapo. Anakana. Anati palibe amene angamuuze kuti ufawo unachokera ku nyama yanji, pomwe ana a mnansi wathu wagolosale, amene ndi Asilamu, ankadya m'mbale imodzi ndi mwana wathu. Choncho mang'ina ankagula kwa bambo mmodzi yekha pamsika, Msilamu, amene amazinga ng'ombe zake motsata chipembedzo chawo.

Zonsezi ndinkazidziwa monga mmene munthu amadziwira njira imene wakhala akudutsa atakwera kumbuyo kwa njinga. Zolowamo ndinkazidziwa. Chimene chimayamba, chimene chimatsatira, ndi kutalika kwa nthawi, sindinayang'anepo.

Loweruka m'mawa ndinagula mang'ina awiri. Ndinawawaula pamakala, n'kupala ubweya ndi mpeni, n'kutsuka katatu. Ndinawaphika m'madzi okhaokha opanda mchere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, ndikuchotsa thovu ndi chipande. Nditaphula ndinadikira kuti mafuta ayandame, n'kuwayengula, n'kusefa msuziwo pansalu yoyera. Ndinaubwezera pamoto mpaka unachepa, moti ndikadontheza pachala, zala zinkamatana. Apo ndinasangalala, chifukwa ndinakumbuka kuti mkazi wanga ankachita zomwezo ndi zala zake, akuyang'ana kumwamba ngati akumvetsera china.

Malambe ndinali nditanyika kale, madzi ake ndinasefa. Papaya ndinasenda, n'kukanya, n'kupyoza pasefa. Kenaka ndinadikira kuti msuzi uja ukhale wofunda chabe ndisanathire zipatsozo. Apa ndinachita mwadala. Kukoleji anatiphunzitsa kuti moto umawononga mavitamini, ndipo ine ndanena zimenezi pamisonkhano yosawerengeka. M'nyumba mwathu momwe tinkakangana za mpiru umene mkazi wanga ankauphika mpaka usinthe mtundu. Ndiye ndinati maswiti anga akhala opatsa thanzi kuposa ake. Sindinaganize mawu amenewa momveka, koma anali momwemo.

Ndinathira muthireyi, n'kuika pamchenga wonyowa pambali pa mtsuko wa madzi, pamene iye ankaika. Kunja kunkazizira, mmene kumakhalira mu Juni.

M'mawa mwake mwana ndi amene anayamba kufika pathireyi. Anapisamo chala, n'kuchitulutsa chikudontha.

"Sitikunjenjemera," anatero, n'kupukutira chalacho padiresi.

Anali madzi achikasu onunkhira bwino. Ndinamwa ndekha ndi kapu.

Loweruka lotsatira ndinaganiza kuti vuto linali kuphula msanga. Ndinagula mang'ina atatu, n'kuwiritsa msuzi mpaka unatsala wochepa kwambiri, wolemera ngati guluu. Zotsatira zake zinali zomwezo. Lachitatu ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi, n'kuyesanso, ndipo ulendo uno ndinanyamula thireyi kupita nayo mufiriji ya mnansi wagolosale, pakati pa mabotolo a zakumwa. Inakhalamo tsiku lathunthu. Pamwamba panachita kachipale kopyapyala, pansi pali madzi.

Koma tsiku limenelo ndinaona chinthu. Pothira muthireyi, msuzi wina unatsalira mupoto, umene sindinausakanize ndi chilichonse. Ndinaiwala kutsuka potoyo. Nditaivundukula m'mawa, msuzi uja unali utagwira gwa, moti ndinausenda ndi supuni n'kutuluka wathunthu, wozungulira ngati pansi pa poto. Ndinauponya pambale, unadumpha. Unagwira popanda firiji, popanda mchenga wonyowa, pashelefu chabe.

Ndinakhala pampando ndikuuyang'ana nthawi yaitali. Kuyambira mu Epulo, aka kanali koyamba kuti mutu wanga ugwire funso lina losakhala lija lakuti bwanji tikanapita kuchipatala dzulo lake. Msuzi pawokha ukugwira. Ukakumana ndi zipatso ndi uchi, ukusungunuka. Ndiye pa zitatuzo pali chimene chikuumasula. Ndinatenga kabuku kanga ka kuntchito, kamene ndimalembamo za minda yachitsanzo, n'kutsekula tsamba latsopano kumapeto.

Kunali kutatsala milungu iwiri kuti tsiku la sikelo lifike. Mwana ankangomwa tiyi ndi kudya nthochi theka.

Loweruka nditapitanso pamsika, bambo wa nyama uja anandiona ndili patali.

"Alangizi! Mang'ina kachinayi? Ng'ombe za ku Mitundu zitha miyendo chifukwa cha inu. Kapena mwatsegula lesitilanti osatiuza?"

Ndinamuuza zimene ndinkayesa. Anasiya kunola mpeni.

"Aja a malemu mayi aja? Ankatipatsako ife. Ana anga ankalimbirana. Ndiye akukanika bwanji?"

"Sakugwira."

"Mafuta mukuyengula?"

"Ndikuyengula."

"Mchere?"

"Sindikuika."

"Nanga mukuikamo chiyani?"

Ndinatchula. Nditafika pa papaya ndinawonjeza, mwina monyadira pang'ono, kuti ndimathira wosaphika kuti mavitamini asafe.

Bamboyo anaseka mpaka anagwira tebulo. Anaitana mnzake wogulitsa mbuzi pambali pake. "Tabwera udzamve za anthu a kukoleji." Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Alangizi, ndikufunseni. Munthu akagula nyama ya ng'ombe yokalamba, yoti yakoka ngolo zaka khumi, timamuuza kuti akaikulunge m'masamba a chiyani?"

"A papaya."

"Kuti itani?"

"Kuti ifewe."

"Eya. Papaya amadya nyama. Masamba, utomoni, chipatso, zonse. Nanga msuzi wa mang'ina si nyama? Inu mukuphika tsiku lonse kuti ugwire, kenaka mukuthiramo mdani wake, wamoyo. Mukuyembekeza chiyani?"

"Koma malemu ankaikamo papaya. Ndinkaona."

"Ndiye kaganizeni kuti ankamutani asanaike. Ine zimenezo sindinaone, ndimangodziwa nyama."

Anandisankhira mang'ina akutsogolo, nati ndiwo amakhala ndi guluu wambiri. Sindikudziwa ngati zimenezo n'zoona, sindinaziyesebe.

Ndikanatha kungokhulupirira zimene ananena, koma ntchito yanga inandizoloweza kuti mlimi sumuuza, umamuonetsa mizere iwiri yoyandikana. Nditaphika msuzi ndinaugawa m'makapu asanu ofanana, n'kumata kapepala pa iliyonse. Yoyamba, msuzi wokha. Yachiwiri, msuzi ndi uchi. Yachitatu, msuzi ndi malambe. Yachinayi, msuzi ndi papaya wosaphika. Yachisanu, msuzi ndi papaya amene ndinamuwiritsa kaye mpaka anachita thovu n'kuyamba kuthithima. Ndinaimika makapuwo pamzere pamchenga paja. Mwana anakhala chonjuta akundiyang'ana.

"Ababa, mukupanga sukulu ya makapu?"

"Eya. Mawa tiona amene wakhoza."

M'mawa mwake tinapita limodzi. Ndinamupatsa iye ntchito yopendeketsa makapu. Yoyamba sinatayike. Yachiwiri sinatayike. Yachitatu inali yofewerapo, koma inagwira. Yachinayi inakhuthukira pamapazi ake, anakuwa n'kudumpha. Yachisanu anaizondotsa yonse, n'kuigwedeza, ndipo chinthu chofiirira chinatsetsereka n'kugwera m'dzanja mwake chikunjenjemera.

Sanafunse. Analuma.

Pambuyo pake ndinawerenga pafoni kuti mu papaya wosaphika muli chinthu chimene chimaduladula timinyewa timene timagwiritsa msuzi, kuti nanazi naye ali nacho chake, ndi kuti moto umachipha. Mwina anatiphunzitsa kukoleji tsiku lina, ine n'kulemba pamayeso, n'kuiwala. Chimene chinandidabwitsa si chimenecho. Ndinadabwa kuti mkazi wanga, amene sukulu analekezera fomu 2, anazitulukira bwanji. Kodi nayenso anataya mathireyi angati ine ndili kumunda kwa anthu? Anafunsa ndani? Kapena anangokumbukira za masamba okulungira nyama, monga bambo wa pamsika uja? Palibe woti ndimufunse. Ndinkadya maswitiwo madzulo pobwera kuntchito, n'kunena kuti akoma, basi.

Tsiku lomwelo ndinatenthetsanso msuzi wotsala n'kupanga thireyi yathunthu. Papaya ndinawiritsa. Madzi a malambe ndinathira pomaliza, osaphika, popeza kapu yachitatu inaonetsa kuti iwo alibe mlandu, choncho mavitamini anga ndinawapulumutsako pang'ono. Itagwira, ndinatenga mpeni kuti ndidule. Mwana anandigwira mkono.

"Si choncho. Amama amadula ndi chitsekerero."

Anathamangira kuchipinda n'kubwera ndi chitsekerero cha botolo la mafuta ophikira, chofiira, chimene ankasunga m'kachikwama kake pamodzi ndi timiyala. Sindinkadziwa kuti ali nacho. Anandionetsa kadindidwe kake, ndipo timaswiti tinatuluka tozungulira. Zotsala m'mphepete anati ndi za ababa, chifukwa amama ankadya zimenezo.

Maswiti sanenepetsa mwana, zimenezo ndikuzidziwa bwino. Koma anatsegula khomo. Tinapangana kuti masupuni asanu a phala la nsinjiro, kaswiti kamodzi. Dzira lonse, tiwiri. Ankawerenga yekha masupuniwo mokweza, ndipo ankaba, kuchoka pa atatu kulumphira pa asanu, ine n'kumachita ngati sindinamve. Tsiku lachinayi anapempha kuti atengereko anzake a pagolosale. Anabwera onse atatu, n'kukhala pakhonde, ndipo mayi awo atatumiza mbale ya mpunga ndi nyemba, mwana wanga anadya nawo osawerenga.

Sikuti zonse zinayenda. Thireyi ina ndinapsereza papaya, inawawa. Tsiku lina anakana chilichonse, ngakhale tonjenjemera, n'kugona chafufumimba pamkeka masana onse. Ndinakhala pambali pake ndikusoka thumba la chimanga limene silinkafunika kusokedwa.

Alamu anafika m'mawa wa tsiku la sikelo, atanyamula chitenje chachiwiri chopinda bwino. Ndinadziwa kuti n'choberekera mwana pobwerera. Tinapita kusikelo atatu. Pamzere panali amayi okhaokha, mwamuna ndinali ndekha, ndipo ena ankandidziwa.

"Alangizi, lero mwabwera kudzalangizidwa?" anatero mmodzi, anzake n'kuseka.

Atamuyeza, mayi wa zaumoyo analemba kadontho pakhadi. Alamu analanda khadiyo ine ndisanaone. Anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuipendeketsa, kenaka n'kufunsa mayiyo kuti awauze bwinobwino.

"Sanatsike," anatero mayiyo. "Wakwera, koma pang'ono kwambiri. Asaleke zimene akuchitazo."

Pobwerera alamu sanandibwezere khadiyo. Titafika kunyumba anakhala pakhonde pomwe paja, khadi ili m'manja. Mwana analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mbale, n'kuwapatsa kaswiti kamodzi. Anakayang'ana, n'kukagwedeza padzanja.

"Izi wapanga ndani?"

"Ababa. Koma kudula ndadula ine."

Anaika m'kamwa. Anatafuna pang'onopang'ono, akuyang'ana kumtengo wa papaya. Kenaka anakoka nsonga ya chitenje n'kupukuta m'maso.

"Uchi mwachulutsa," anatero. "Mng'ono wanga sankaika wambiri chonchi."

"Ndichepetsa."

"Kukwera kwake n'kochepa, alamu. Amalume ake akafunsa ndikanena chiyani?"

"Mukanene zimene mwaona."

Anayang'ananso khadiyo. Kenaka anatenga chitenje chopinda chija n'kuchibwezera m'chikwama.

"Ndibweranso mwezi wamawa, ndi winawo. Tsiku limene mzerewo udzatsike, musadzandidandaule. Ndipo pa tchuthi azibwera kwathu, adziwe abale ake."

Ndinavomera zonse.

Ndinawaperekeza kokwerera minibasi, mwana atatsala ndi anzake pagolosale. Panjira anandifunsa mmene ndinadziwira kaphikidweko, poti iwo anayesapo kwawo ndipo anangopeza madzi. Ndinawafotokozera za makapu asanu ndi za bambo wa nyama. Anaseka pang'ono, koyamba kuyambira pamaliro. Titaima pamsewu, kondakitala akuitanira anthu a ku Lilongwe, anatembenuka.

"Alamu, pamaliro paja munati sanasiye mawu. Zoona? Munthu kuchoka m'nyumba mwake osanena kalikonse?"

Ndinali nditawakumbukira kale mawuwo, m'mawa uja kapu yachisanu itagwira. Kunena zoona sindinawaiwalepo. Ndinkangowaika pambali, poyamba chifukwa ankandipweteka kuti anali a mphika osati a ine, kenaka chifukwa ndinkaganiza kuti za moto ndi zipatso ndikuzidziwa kuposa iye.

Ndiye ndinawauza alamu. Linali Lachisanu m'mawa. Mkazi wanga anadzuka mutu ukumupweteka, mapazi atatupa, koma anakoleza mbaula, chifukwa msuzi anali ataphika dzulo lake ndipo sanafune kuti uwonongeke. Atayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, ndinathamanga kukaitana galimoto ya mnansi. Pomutulutsa tinadutsa pakhitchini. Poto inali pamoto, ine ndinatambasula dzanja kuti ndiiphule tisanachoke. Anandigwira malaya. M'galimoto sanayankhulenso, kuchipatalanso ayi.

"Ndiye anati chiyani?" anafunsa alamu.

Anati: "Musaphule msanga, alangizi. Papayayo awire kaye."